Matayala Amene Bambo a Thoko Sankanenerera

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kupha munthu.

Ndinali pa ulendo wokazonda wodwala ku chipatala, ndili ndi mnzanga wa ku kwaya, Mayi Chikopa. Kunja kunali chiperoni chathu chija, kamvula kowaza kosanyowetsa malaya msanga koma kosiya msewu ukuterera. Inu a kuno ku Thyolo mukuidziwa mitsetse ya pakati pa minda ya tiyi, pamene msewu wafumbi umatsikira ku kamlatho usanakakumane ndi tala. Dothi lake ndi katondo wofiira. Likauma ndi mwala, likanyowa ndi sopo.

Sindinkathamanga ayi. Ndinali pa giya yachiwiri. Kutsogolo kunali amayi othyola tiyi, madengu kumsana, atafunda mapulasitiki, akuyenda m'mbali mwa msewu. Ndinaponda mabuleki pang'ono chabe. Galimoto sinamve. Ndinapotoza chiwongolero, iyo inangopita kwake, cham'mbali ngati nkhanu. Mayi Chikopa anakuwa, kuitana Yesu. Mayi wina wothyola tiyi anadumphira m'munda, dengu lake n'kugubuduka, masamba mbwee mumsewu. Galimoto inakaima yokha, tayala lakumbuyo lili m'ngalande.

Mayi uja anatuluka m'tiyimo mkono utakalika. Sanatukwane. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, ana anga mukanawasiya ndi ndani?"

Ndinagwada m'matopemo n'kuyamba kumuthandiza kutola masamba, ngakhale tonse tinkadziwa kuti tiyi wamatope ku sikelo samulandira. Anzake anatikankha, galimoto inatuluka. Ku chipatalako sitinafikeko. Pa ulendo wonse wobwerera Mayi Chikopa anagwira chitseko ndi manja awiri.

Nkhani siichedwa kuno. Dzuwa lisanalowe inali itafika kale ku Blantyre kwa mwana wanga woyamba, Thoko, ndipo foni inalira.

"Amayi, ndamva. Mwakula tsopano. Makiyiwo musunge, Loweruka ndibwera ndidzaitenge galimotoyo. Mukafuna kupita kwinakwake muzikwera kabaza kapena muzindiimbira."

"Ndizikuimbira uli ku Blantyre, ine ndikufuna kupita ku tchalitchi?"

"Amayi, lero mwaphonya munthu. Mawa?"

Funso limenelo ndinali nditadzifunsa kale ndekha. Kodi ndi maso angawa? Kodi ndi mwendo wangawu umene wayamba kuchedwa? Munthu ukapuma pa ntchito, chilichonse chikalakwika anthu amayamba kuloza zaka zako, ndipo nawenso umayamba kuwakhulupirira.

Galimotoyi anandisiyira ndi amuna anga, bambo a Thoko, amene anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Ndiloleni ndikuuzeni pang'ono za iwo, pakuti nkhani ya leroyi popanda iwo siimveka.

Ine kwathu ndi ku Mzimba. Kuno ndinabwera ndili mtsikana, boma litanditumiza kudzaphunzitsa pa sukulu ina ya m'kati mwa esiteti. Chilomwe sindinkamva, Chinyanja cha kuno chinkandithamangira m'makutu, ndipo nkhungu ya m'mawa inkandiliritsa pokumbuka kwathu. Iwo anali kalaliki wa pa fakitale, mwana wa ku Khwethemule, wamtali, wosalankhulalankhula. Tsiku loyamba kundilonjera ananditcha "aphunzitsi". Tinakwatirana, tinabereka, tinaona zidzukulu, koma dzinalo silinasinthe. Ngakhale pokangana ankati, "Aphunzitsi, apa ndiye mwalakwa."

Masiku amenewo galimoto inali ya mabwana okha. Ife tinkayenda wapansi kapena kupempha thirakitala yonyamula tiyi. Ngakhale Thoko yemweyu, tsiku lobadwa anapita ku chipatala pa ngolo ya thirakitala, ine nditakhala pa matumba, bambo ake atandifunditsa jekete lawo, mvula ikutsika ngati yolipiridwa. Pamtunda wina thirakitala inayamba kuzungulira pamodzimodzi, ndipo amuna onse anatsika kukakankha, matope mpaka m'mawondo. Ndimakumbukabe nkhope ya bambo a Thoko ikundiyang'ana kuchokera pansipo, yofiira ndi katondo, maso okha akuoneka.

Patapita zaka, bwana wina wa pa esiteti akuchoka anawagulitsa kagalimoto kake kakale. Ha, Lamulungu la masiku amenewo! Tikaweruka ku tchalitchi, ana kumbuyo, mawindo otsegula, tinkangozungulira m'misewu ya m'minda popanda kolowera. Tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, mabulugamu ataima mizere, fungo la tiyi wowotcha likuchokera ku fakitale. Tinkaima pa damu, ana akuponya miyala m'madzi, ife tikudya chinangwa chophika ndi nthochi. Nyengo ya mvula ankayendetsa akulankhula okha chapansipansi: "Apa osaponda. Apa musiye ayende yekha. Eya." Ine ndinkangoyang'ana kunja, mtima uli m'malo. Sindikumbuka tsiku limene galimoto inatitererapo.

Koma bambo amenewa anali ouma manja, ndipo onse owadziwa aseka powerenga izi. Kachidutswa ka sopo kotsala ankakamata pa sopo watsopano. Nsapato imodzi inapita kwa wosoka kambirimbiri mpaka wosokayo anawapempha kuti amuchitire chifundo. Pa msika wa ku Luchenza amayi ogulitsa tomato akawaona ankaitanizana kuti, "Abwera aja." Ankanenerera chilichonse, ngakhale singano.

Ndinaphunzira kuyendetsa galimoto iwo ali moyo, anandiphunzitsa okha pa bwalo la mpira la pa esiteti. Koma zonse za pansi pa galimoto zinali zawo. Ndikafunsa ankati, "Musavutike nazo, aphunzitsi." Ndipo zoonadi sindinkavutika.

Atamwalira, mng'ono wawo, alamu anga a Dikisoni, anaona kuti matayala atha. Anaitenga galimoto, madzulo n'kuibweretsa ili ndi matayala ena. "Alamu, awa ndi olimba ngati chitsulo," anatero akuwamenya ndi phazi. "Simudzagulanso msanga. Ndapeza otchipa, ochoka kunja, ongoyendako pang'ono." Ndinathokoza ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu. Ankafuna kumupeputsira mayi wamasiye katundu.

Ndiye Lachitatu m'mawa, nkhungu itayera, ndinaganiza kuti ndisanapereke makiyi ndikamve kaye za matayalawa. Ndinayenda pang'onopang'ono ngati wonyamula mazira mpaka ku Luchenza, pa shopu ya matayala imene amuna anga ankapitako. Ndinali ndisanalowemo chiyambire. Nthawi zonse ndinkatsikira pa msika, iwo n'kupitirira.

Mwini wake ndi a Nampinga, bambo wa imvi, wamimba, wokonda nkhani. Anandilonjera m'Chilomwe, kenaka anasuzumira m'galimoto ngati akufuna wina.

"Alamu anu aja sanabwere?"

"Ndabwera ndine."

"Chabwino, amayi. Kapena muwaimbire, ndilankhule nawo, kuti tisavutane."

"A Nampinga, amene anatsala pang'ono kugunda munthu dzulo ndine. Mulankhula ndi ine."

Anaseka mwamanyazi, n'kundikokera benchi. Sindinakhale. Ndinayala chitenje pansi pafupi ndi tayala lakutsogolo, ndinagwada, n'kuwauza kuti andionetse chimene iwo amaona akayang'ana tayala.

Poyamba ndinawatsutsa. Mizere ya matayala anga inali yakuyabe, sanali osalala ngati a minibasi zina timakwerazi. Ndiye vuto lili pati? Anandiuza kuti ndidine mphira ndi chikhadabo. Sichinalowe, mphirayo inali gwa ngati chikuni. Anandionetsa timing'alu ting'onoting'ono m'mbali monse. Kenaka analoza manambala anayi olembedwa m'kabwalo m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Nditawerenga ndinagwira pakamwa. Matayala anga anapangidwa chaka chimene mdzukulu wanga woyamba anabadwa, ndipo mwana ameneyo pano amandiwerengera Baibulo.

"Awa si ogula kuno," anatero a Nampinga, pofuna kudziyeretsa, nditawafotokozera zimene alamu ananena powabweretsa. "Komanso ndi a galimoto yonyamula katundu. Kutha sangathe msanga, pamenepo alamu anu sananame. Koma pa katondo wonyowa ali ngati munthu wovala nsapato za pulasitiki."

Anagubuduza matayala atatu n'kuwaimika patsogolo panga.

Loyamba linali lalikulu m'lifupi koma lopyapyala m'mbali, lokongola, la mizere yopendekera. Amati limagwira tala kwambiri, pokhota galimoto siigwedezeka. Wamalonda ndi wamalonda, a Nampinga analiyamikira kwambiri, ati anyamata a maofesi akulilimbirana, ndipo atha kundipezeranso malimu ake, zitsulo zomangirapo tayala zija. Ndinalikana ndekha. Ndaona ndi maso anga mamanejala achinyamata obwera kumene kuchokera ku tauni ataima m'mbali mwa msewu wathu, tayala lotere litaphulika pa dzenje, iwo akuyang'ana foni. Tayala lopangidwira msewu wosalala lidzatani ku Chimaliro, kumene ndimapita kukaona alamu anga aakazi?

Lachiwiri linali lolimba, la mphira youma, lokhalitsa. Lachitatu linali la mphira yofewa, chikhadabo chinkalowa. Mizere yake inali yakuya, yotseguka cham'mbali kuti madzi ndi matope azituluka, ndipo m'mbali mwake munali mochindikala. Koma a Nampinga sanabise: limatha msanga kuposa linzakelo, komanso ndi lokwera mtengo.

"Tayala logwira msewu limadyeka, amayi. Losadyeka siligwira. Lochita zonse ziwiri bwinobwino ine sindinalionepo. Musankhe nokha."

Ndinaima pakati pa awiriwo. Mayi wopuma pa ntchito, denga la khitchini likudontha, mwana akufuna kulanda makiyi. Ndinadzifunsa kuti bambo a Thoko akanatenga liti, ndipo yankho ndinali nalo kale. Munthu womata sopo uja? Ndinaloza lolimba lija.

"Amuna anga akanatenga ili."

A Nampinga anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitumbuka.

"Akuluakulu aja? Ili? Ayi, amayi. Chiyambire sanagulepo limeneli. Ankatenga lofewali."

"Mukuwasokoneza ndi munthu wina."

"Ndingawasokoneze ndi ndani? Munthu amene ankandinenerera kachivindikiro ka popopera mpweya mpaka ine thukuta kamukamu? Kupopa mpweya ankafuna kwaulere. Kumata chubu tinkakangana mpaka anthu kusonkhana. Koma pa tayala lenilenilo sankanenerera. Ankalidina ndi chala, kuwerenga manambala, n'kupereka. Akaona kuti mizere yayamba kuchepa ankabwera mvula isanayambe, pamene anthu ena akanayendabe nalo chaka china. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, akulu, inu ouma manja chonchi, bwanji osatenga lolimbali? Anandiyankha kuti, 'Nampinga, m'galimoto muja mumakhala aphunzitsi.'"

Pamenepo ndinakhala pa benchi paja.

A Nampinga anazindikira kuti anena chinthu cholemera. Analowa m'kati, ati akukafuna sipanala, ndipo anachedwako dala. Kunja anyamata a kabaza ankaitanira anthu, minibasi ikulira hutala pa siteji, ine ndikupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chamatope.

Zaka zonse zija ndinkayesa kuti galimoto siiterera chifukwa amuna anga ndi katswiri pa chiwongolero. Analidi katswiri. Koma zinayambira pa shopu imeneyi, pamene ine ndinali pa msika kusankha tomato, ndikudandaula mumtima kuti ndinakwatiwa ndi munthu woumira.

Ndikuuzeni zoona, owerenga anga, misozi itauma panabwera mkwiyo. Inde, ndinawakwiyira bambo a Thoko ali m'manda. Chinawavuta n'chiyani kundiuza? Mawu ochepa chabe: aphunzitsi, pa china chilichonse tiziumira, koma pa tayala ayi, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Akanatero, tsiku limene alamu anabweretsa matayala a chitsulo aja ndikanathokoza n'kuwabweza. Mayi wothyola tiyi uja sakanadumphira m'munda.

Ndipo si bambo a Thoko okha. Ndi khalidwe lathu, makamaka ife a m'badwo uno. Abambo athu amakonda ndi manja, pakamwa ali chete. Amadziwa potsekera madzi paipi ikaphulika, amadziwa makaniko wokhulupirika ndi wakuba, amadziwa malire a munda pamene pali mwala. Mkazi akafunsa, yankho ndi lomwe lija, losangalatsa kumva: musavutike nazo. Timamva kukoma, timaona kuti tikusamalidwa, ndipo tikusamalidwadi. Koma tsiku la maliro zonsezo zimalowa nawo m'bokosi.

Pa kwaya yathu tilipo amayi amasiye angapo. Wina galimoto ya amuna ake yakhala pa njerwa mpaka nkhuku zikuikiramo mazira, chifukwa aliyense wobwera kudzaikonza amamuuza zosiyana ndipo iye sadziwa womukhulupirira. Wina anagulitsa njinga yamoto yabwinobwino atauzidwa kuti injini yafa, mawa lake n'kuiona ikunyamula anthu pa Luchenza. Amenewa si amayi opusa. Ena anali anamwino, ena ankayendetsa masukulu. Kungoti mbali imeneyo ya moyo panali wina amene ankawaimirira.

Ifenso amayi tisadziyeretse. Ndikudziwa bambo wina, kapitawo wopuma, amene mkazi wake atagonekedwa m'chipatala sanadziwe kuti mwa mapilitsi ake a kuthamanga kwa magazi akumwa m'mawa ndi ati. Kwa zaka zambiri ankangotambasula dzanja, mayi n'kuikamo. Kodi pamenepo tinganene kuti mayiyo sankawakonda? Ankawakonda kwambiri, mwina mopitirira.

Ndinagula matayala ofewa aja, onse anayi. A Nampinga anati ndikhoza kuyamba ndi awiri, koma ndinaona kuti kusakaniza atsopano ndi a chikuni aja ndi kudzinamiza. Denga la khitchini lidikira, ndiika beseni. Ndinaimirira pomwepo akuwamanga, ndinawerenga ndekha manambala a tayala lililonse, ndipo ndinafunsa mpweya woyenera mpaka ndinaloweza. Limodzi mwa akale aja ndinati aliike kumbuyo m'buti.

Loweruka Thoko anafikadi, ali ndi mkazi wake Chisomo. Tisanamwe n'komwe tiyi ndinamutengera ku galimoto, ndinatsegula buti n'kumuuza kuti adine tayala lakale lija ndi chikhadabo, kenaka adine latsopano. Ndinamuonetsa ming'alu, ndinamuwerengetsa chaka. Anasisita mphira youma ija.

"Komabe, amayi, zaka nazo zilipo."

"Zilipo, sindikukana."

Tinagwirizana pakati. Makiyi atsala ndi ine. Nkhungu ikatseka sindiyendetsa, ndipo mwezi uno ndikayezetsa maso. Za mawu amene bambo ake ananena pa shopu paja ndinamuuza titakhala pa khonde. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ati akukaona mapeyala ngati akhwima.

Ali komweko ndinamuitana Chisomo. Mpongozi wangayu ndi wowerengera ndalama pa kampani ina, ndipo amayendetsa galimoto tsiku lililonse kukasiya ana ku sukulu. Ndinaloza galimoto yawo.

"Mwanawe, matayala akowa ndi a chaka chanji?"

Anaseka. "Aaa, amayi, zimenezo amadziwa ndi bambo a Mphatso." Ankanena Thoko.

Ndinamupatsa chitenje. Anandiyang'ana, anayang'ana siketi yake yoyera, kenaka anayala pansi n'kugwada. Anafufuza ndi chala mpaka anapeza kabwalo kaja, n'kuwerenga manambala mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Atamaliza sanadzuke. Anasendera ku tayala linalo yekha, ine osamuuza.

Nanga inu, kunyumba kwanuko, ndi chiyani chimene mumachidziwa nokhanokha, chimene mnzanuyo akafunsa mumamuyankha mwachikondi kuti asavutike nacho? Mukudikira tsiku liti kuti mumuuze?